Kukonzekera mayeso a LSAT muli ku Johannesburg

Ngati mukufuna kukaphunzira zamalamulo ku America kapena ku Canada, sukulu zambiri kumeneko zimafuna LSAT, mayeso amene amayendetsedwa ndi bungwe la LSAC, ndipo malikisi ake amayambira pa 120 kulekeza pa 180. Kuyambira mu Ogasiti 2024, mayesowa ali ndi zigawo zinayi za mphindi 35 chilichonse: ziwiri zoyesa kaganizidwe, chimodzi choyesa kumvetsa zowerenga, ndi china chimene malikisi ake sawerengedwa, ngakhale simuuzidwa kuti ndi chiti.

Musanayambe kuwerenga, lembani mayeso akale athunthu pa LawHub, tsamba la pa intaneti la LSAC, kuti muone pamene mukufooka. Masabata oyambirira yankhani mafunso modekha, popanda wotchi, kufikira mutamvetsa chifukwa chimene yankho lililonse lolakwika lalakwikira, pakuti kuthamanga musanamvetse kumangokuzolowezani zolakwa. Mukatero, yambani kudziikira nthawi.

Ambiri kuno timaweruka mochedwa ndipo timafika kunyumba titatopa ndi mizere ya matekisi, choncho sankhani m'mawa wa tsiku lopuma, muzimitse foni, mulembe zigawo zonse zinayi, ndipo mupumule mphindi 10 zokha mukamaliza chachiwiri, monga zimakhalira pa mayeso enieni. Mawa lake bwererani ku funso lililonse limene munaphonya kapena munangolotera yankho, ndipo mulembe m'kope chimene chinakusokonezani.