Kupeza mtsempha woyendetsa mnofu wa masseter

Lumanitsani mano mwamphamvu, muike zala patsaya chakumunsi kwa khutu. Chotupa cholimbacho ndi masseter, mnofu wotseka nsagwada potafuna. Mtsempha wa uthenga wochokera ku ubongo umene umaulamula ndi masseteric nerve, ndipo ambiri amausowa chifukwa amaufunafuna pamwamba, pomwe umalowa mu mnofuwo kuchokera kumbali yake ya mkati.

Yambani ndi njira yake. Umachokera ku nthambi yachitatu ya mtsempha waukulu wa kumaso wotchedwa trigeminal nerve; nthambiyi imatuluka m'chigaza pa kabowo ka foramen ovale. Kuchoka apo umalowera chakunja, kudutsa pamwamba pa mnofu wa lateral pterygoid (wina woyendetsa nsagwada), kutsogolo kwa mfundo ya nsagwada, kumbuyo kwa tendon (chingwe cholumikiza mnofu ku fupa) ya temporalis, mnofu wotafunira wa m'mbali mwa mutu. Kenako umawoloka pampata wa fupa la nsagwada wotchedwa mandibular notch, uli limodzi ndi mtsempha wa magazi wa masseteric artery. Usanalowe mu mnofu umapatsa mfundo ya nsagwada ija kanthambi.

Poufuna kuchokera kunja pa opaleshoni, yezani masentimita 3 kutsogolo kwa kanyama kolimba ka pakhomo pa khutu (tragus), ndi sentimita 1 kunsi kwa fupa la tsaya la zygomatic arch. Muyeso umenewu ndi wongokulozerani dera, poti nkhope zimasiyana. Mukatsegula khungu, choyamba kukumana nacho ndi parotid, chiwalo chopanga malovu, ndi nthambi za facial nerve, mtsempha woyendetsa minofu ya nkhope. Zikankhireni pambali mosamala, chifukwa mukadula nthambi yopita pamphumi, nsidze ya mbali imeneyo sidzakwezekanso. Mukafika pa mnofu musaudule mopingasa. Patulani ulusi wake motsata mmene wagonera, pang'onopang'ono, mpaka muone kaulusi koyera kolowera pansi ndi kutsogolo, kuya kwake ngati sentimita imodzi ndi theka. Pa munthu wamoyo kakhudzeni ndi kachipangizo ka magetsi: nsagwada ikatseka, ndi womwewo.

Cholakwika chofala ndi kulondola mtsemphawu mpaka pampata paja. Kumeneko mitsempha ya magazi ndi yothinana, magazi akayamba simuonanso kanthu. Madokotala amene amaulumikiza ku facial nerve kuti nkhope yofa ziwalo iyambenso kumwetulira amaudula chakumunsi, kusiya nthambi zam'mwamba zikugwirabe ntchito. Kutafuna sikuvuta kwenikweni, pakuti minofu ina yotafunira, temporalis ndi medial pterygoid, imasenza mtolowo, ngakhale tsaya limatha kuphwa pang'ono. Wodwalayo poyamba amamwetulira akaluma mano, ndiye amafunika kuphunzitsidwa pagalasi kwa miyezi ingapo.