Momwe mungamangirenso nyumba yoonongeka ndi namondwe ku America potsata malamulo a inshuwaransi ya madzi osefukira

Anamondwe a Helene ndi Milton ataomba ku Florida mu Seputembala ndi Okutobala 2024, eni nyumba ambiri anazindikira mochedwa kuti inshuwaransi wamba ya nyumba siilipira zoonongeka ndi madzi osefukira. Ya madzi imagulidwa payokha, ndipo yochuluka imachokera ku ndondomeko ya boma yotchedwa NFIP, yomwe inakhazikitsidwa mu 1968 ndipo imayendetsedwa ndi FEMA, bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ndondomekoyi imalipira ndalama zosaposa $250,000 pa nyumba yogonamo ndi $100,000 pa katundu wa m'nyumba.

Choyamba, dziwitsani kampani yanu ya inshuwaransi mwamsanga, ndipo jambulani chilichonse musanataye kanthu, makamaka mzere umene madzi anasiya pakhoma, chifukwa ndiwo umasiyanitsa zoonongedwa ndi madzi ndi zoonongedwa ndi mphepo, zomwe zimalipiridwa ndi inshuwaransi ina. Chikalata chofotokoza zimene zaonongeka chimayenera kuperekedwa pasanathe masiku 60 kuchokera pa tsiku la ngoziyo, ngakhale kuti FEMA imatha kutalikitsa nthawiyi ngozi ikakhala yaikulu.

Chachiwiri, chomwenso ndi chofunika kuposa zonse, pitani ku ofesi yopereka zilolezo zomangira m'dera lanu musanakhome msomali ngakhale umodzi. Akuluakulu a kumeneko, osati a inshuwaransi, ndiwo amagamula ngati nyumba yagwa m'gulu la zoonongeka kwambiri. Lamulo limati ngati nyumba ili m'dera lomwe mapu a FEMA amaliika pachiopsezo chachikulu, ndipo mtengo woikonzera wafika theka la mtengo wake isanaonongeke, siingabwezeretsedwe mmene inalili. Mtengo wa malo sawerengera. Choncho nyumba ya $200,000 yofuna $100,000 kuti ikonzedwe yagwa kale m'lamuloli, ndipo ntchito imene achibale angakugwirireni mwaulere imawerengeredwanso pa mtengo wake wa pamsika.

Nyumba yotere iyenera kukwezedwa, kusamutsidwa kapena kugwetsedwa n'kumangidwanso. Chipinda chotsikitsitsa chokhalamo anthu chisakhale pansi pa msinkhu wa madzi wolembedwa pa mapu, ndipo malamulo a zomangamanga ku Florida amaonjezerapo phazi limodzi. N'zoona kuti lamuloli limapweteka kwambiri okalamba ndi opeza movutikira omwe ali ndi nyumba zakale zotsika mtengo, pakuti iwo amafika pa theka lija msanga. Komabe kukonza mozemba n'koopsa kuposa apo, chifukwa mutha kulamulidwa kuphwasula zimene mwamanga, ndipo dera lonse litha kulandidwa mwayi wolipira inshuwaransi pa mtengo wotsika.

Mukalandira kalata ya chigamulocho, ipititseni ku kampani yanu ndipo mupemphe ndalama zothandizira kutsata malamulo, zotchedwa ICC, zomwe zimafika $30,000. Zikaphatikizidwa ndi malipiro a nyumba sizipitirira $250,000 ija, ndipo kawirikawiri sizikwanira kukwezera nyumba yonse, choncho funsani mitengo kwa omanga angapo musanasankhe njira.

Ngati mukuona kuti nyumba yanu aiwerengera mtengo wochepa, mutha kupereka ku ofesi ya zilolezo lipoti la katswiri woyesa mitengo ya nyumba. Kampani ikakana kulipira, apilo imapita ku FEMA pasanathe masiku 60 kuchokera pa tsiku la kalata yokukanirani. Ntchito ikatha, pezani satifiketi yosonyeza msinkhu wa nyumba kwa katswiri woyeza malo, chifukwa ofesi ya zilolezo idzaifuna isanavomereze kuti mulowemo.