Kusintha kamushafuti ya galimoto yachikale: muwerengere bwanji maola ndi ndalama

Mukafunsa makaniko kuti kusintha kamushafuti ndi zingati iye nkukuyankhani pompo asanatsegule ndi boneti yomwe, dziwani kuti wangoponya. Choyamba kudziwa ndi choti kamushafutiyo, chitsulo chozungulira chomwe chimatsegula mavalavu, ili pati mu injinimo, poti ndi pamenepo pomwe maola amachulukira kapena kuchepa, ndalama zimangotsatira.

Injini zambiri zakale zili ndi kamushafuti imodzi mkati mwa buloko, imakankha mavalavu kudzera mu ma lifter, tizitsulo tomwe timakhala pamwamba pa kamushafutiyo, ndi ma pushrod, timitengo tachitsulo topititsa mphamvuyo ku hedi. Ndi mmene ilili V8 ya Chevrolet ija amati small block, 289 ndi 302 za Ford, komanso injini ya MGB. Yamtunduwu imatulukira kutsogolo ndipo ndi yaitali pafupifupi ngati buloko yomweyo, nde chilichonse chomwe chili kutsogoloko chiyenera kuchoka, lediyeta, fani, pule ya kirankishafuti, kava ya taimingi, tcheni, pa V8 ndi pampu ya madzi, nthawi zina mpaka grille. Pamwamba muchotse makava a mavalavu, ma rocker omwe amakanikiza mavalavuwo, ma pushrod, disitibyuta, pa V8 ndi manifodi yolowetsa mpweya kuti mufikire ma lifter, osaiwala pampu ya petulo ngati nayonso imayendera kamushafuti yomweyo. Ntchito ngati iyi injini ili mgalimoto momwemo ine ndimaiyika pa maola 8 mpaka 12 kwa munthu wozolowera, ngati zonse zikumasuka bwinobwino.

Zina sizilola zimenezo. Pa Volkswagen Beetle kamushafuti ili pakati pa zigawo ziwiri za buloko, pansi pa kirankishafuti, nde kuti muigwire injini ituluke, mahedi ndi masilinda achoke, buloko igawidwe pakati. Apa mwalowa mu ovaholo basi, muwerengere choncho. Mini yakale nayonso injini yake inagona chopingasa, malo osololera kamushafuti palibe, imafunika kunyamulidwa kaye.

Kenako pali zomwe makamushafuti ake ali pamwamba pa hedi, monga Jaguar XK ndi Alfa Romeo twin cam, zonsezi zili ndi awiriawiri. Anthu amaona ngati izi nzosavuta poti mukangochotsa kava mwaiona kale, ndipo kutulutsako nkwachangudi, koma nthawi imathera pa ma shim, tizitsulo topyapyala tokonzera mpata wa valavu. Mpata wa valavu iliyonse mumayeza ndi fila geji nkulemba, nkuchotsanso kamushafuti, kusintha shim, kubwezera, kuyezanso, ndipo kawirikawiri sizitheka ulendo umodzi. Jaguar ya masilinda 6 ili ndi mavalavu 12, Alfa ya masilinda 4 ili ndi 8. Shim ya saizi yomwe mukufuna ikapanda kupezeka pompo galimoto imangokhala mgaraja kudikira.

Mukadziwa gulu la injini yanu, onani buku. Makampani a Chilton ndi Mitchell anali kusindikiza mabuku onena maola a ntchito iliyonse pa galimoto iliyonse, ndipo ndi poyambira pabwino. Vuto lake maola amenewo sanawerengere galimoto yoti yatha zaka 50 ikumwa mvula. Bauti yadzimbiri ikathyokera mu buloko mutha ola kapena kuposera mukuboola ndi kudula mazinga ena, pule ikakana kutuluka ndi nkhani inanso, mapaipi a madzi ouma aja amang'ambika mukangowakhudza, komanso simudziwa kuti amene anagwirapo kale anamanga zotani. Ine pa maola a mbuku ndimawonjezerapo theka, ndipo galimoto ikakhala yoti yakhalitsa osalira ndimawonjezera kuposa pamenepo.

Pa masipeya ndi pomwe ambiri amalakwitsa pofuna kupulumutsa ndalama. Kamushafuti yatsopano imafuna ma lifter atsopano, onse, osakambirana. Lifter yakale inadyekera pa kamushafuti yakale, mukaiyika pa yatsopano imayamba kuidya nthawi yomweyo. Tcheni cha taimingi ndi magiya ake sinthani poti mwafika kale pamenepo ndipo leba yake simulipiranso kawiri. Lembaninso magasiketi, silo yakutsogolo yotchinga oyilo, girizi wapadera wopaka pomanga, madzi a mu lediyeta, oyilo ndi fyuluta kawiri. Ngati mukuyika kamushafuti yamphamvu kuposa yomwe inabwera ndi galimoto, funsani opanga ngati ikufuna masipuling'i ena a mavalavu, imeneyo ndi ntchito yowonjezera yofuna maola akeake, ndipo kabyuleta ndi taimingi zidzafunanso kutchunidwa.

Ndati oyilo kawiri chifukwa cha tsiku loliza injini koyamba, lomwe makoteshoni ambiri amalisiya. Kamushafuti ya ma lifter afulati, opanda kagudumu kunsi, imafunika kuzoloweretsedwa: injini ikangolira muikweze pa 2000 mpaka 2500 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) kwa mphindi 20 kapena 30, mukusinthasintha pang'ono, osaisiya pa aidulo, chifukwa mbali za kamushafuti zokankha ma lifter zimadalira oyilo amene kirankishafuti imawaza ikamazungulira mwachangu. Oyilo wake akhale wokhala ndi zinki yokwanira, amene amalemba ZDDP, poti oyilo wambiri wamasiku ano anamuchepetsa zinki pofuna kuteteza ma catalytic converter, zida zosefera utsi wa galimoto. Mukamaliza mukhetse oyiloyo, musinthe fyuluta, muyezenso mpata wa mavalavu, muone ngati pali podontha. Zonsezi ndi maola 2 kapena 3 ndipo ngati makaniko sanazilembe mumufunse kuti bwanji.

Nde tiwerengere V8 ya kamushafuti ya mu buloko. Tinene kuti buku lati maola 10, kuwonjezera 5 a ukalamba wa galimoto, ndi 2 oliza koyamba, akwana 17. Chulukitsani 17 ndi mtengo wa ola limodzi pa garaja yomwe mwasankha, ndiyo leba yanu. Phatikizani masipeya onse aja, ndipo pamwamba pa zonse sungani padera ndalama ina, ine ndimati gawo limodzi mwa magawo 5 a ndalama yonseyo. Ngati mukupanga nokha koyamba, maolawo muwachulukitse kawiri ndipo muikepo mtengo wa zida monga chokokera pule ndi sipana ya toki.

Chomwe chingasokoneze masamu onsewa ndi chifukwa chomwe mukusinthira. Ngati kamushafuti yakaleyo inadyeka mpaka mbali ina kusalala, zitsulo zinadyekazo zinayenda ndi oyilo mu injini yonse, zinadutsa mu pampu ya oyilo ndipo mwina zinakanda maberingi. Apa sampu, mosungira oyilo pansi pa injini, itsike, maberingi aonedwe, ndipo ngati maberingi a kamushafuti nawonso atha injini iyenera kutuluka ndithu. Nchifukwa chake mugwirizane ndi makaniko musanayambe kuti koteshoni ikhale pawiri, yoyamba yomasula ndi kuona, yachiwiri yomanga, zonse zolembedwa, ndipo akapeza zitsulo mu oyilo ayime kaye akuyimbireni. Mumuuzenso asataye kamushafuti yakale, ma lifter ndi fyuluta, mukadule fyulutayo pamodzi muone zomwe zili mkatimo musanavomere gawo lachiwiri.