Musakhomere lona pa chipupa cha nyumba yogwa

Mvula ya dzinja lino yagwetsa nyumba m'midzi ya kwa Kanyenda ku Nkhotakota, ndipo amene abwerera pamalo pawo akuchita zomwe ife alangizi tinaletsa kale madzi a Dwangwa atasefukira mu February 2024. Munthu wapeza chipupa chimodzi chatsala chilili, basi wakhomerapo lona, mbali inayo wazika mphanda ziwiri, ati chisakasa chatha.

Chipupa chimenecho ndi cha zidina zomangira dothi. Chinamwa madzi kuyambira pansi, ndipo ngakhale chioneke chouma kunja, m'kati muli phala. Inu mwachipatsanso ntchito yonyamula lona, lomwe likagwira mphepo ya kunyanja limatukumuka n'kumachikoka usiku wonse. Nanga amagona m'mbali mwa khoma ndani? Ana, poti ati n'kofunda. Tinene kuti sichinagwe. Mwamangabe pamalo pomwe nyumba yeniyeni idzakhale, ndiye tsiku lokumba maziko mudzaphwasulanso, lona litang'ambika m'mabowo a misomali, nsichi chiswe chitadya. Ndalama ya mitengo kawiri, ntchito kawiri.

Ku Mosul, m'dziko la Iraq, nkhondo yolimbirana mzindawo itatha mu 2017, obwerera kwawo ankachenjezedwa kuti asathamangire m'mabwinja chifukwa munali mabomba osaphulika. Ife mabomba tilibe, koma khoma lonyowa limaphanso.

Bambo wina wolima mpunga anandiyankha kuti, "Alangizi, khomali anamanga ndi malemu bambo anga, lapirira mvula zingati?" Ndinawapempha kuti alowetse chala m'munsi mwake. Chinalowa chonse. Anaseka, n'kunena kuti asuntha akamaliza kuwokera mpunga. Kuwokerako kunatha kalekale, lona likadali pompo. Zoti makolo ankatero zimanditopetsa, chifukwa makolowo zisakasa zawo zinkaima pazokha, sankazitsamiritsa pa bwinja.

Tsono chitani izi. Gwetsani chipupacho, kapena mangani patali kuposa msinkhu wake, pamtunda, osati pomwe mudzakumbe maziko. Muyezo umene mabungwe othandiza pangozi amatsata ndi masikweya mita 3.5 pa munthu aliyense, choncho banja la anthu asanu likufunika malo a mamita 4 kwa 4.5. Denga pamwamba penipeni lifike mamita 2, koma kotentha ngati kuno ku Nkhotakota likhale 2.6, ndipo musiye mpata wa mphepo pansi pake. Lona musalikhome ndi msomali wokha, lipanikizeni ndi nsungwi kapena likulungireni kamwala n'kumanga ndi linya. Pamwamba yalani udzu kapena mlaza kuti dzuwa lisalidye. Pansi thirani dothi, tsindirani likwere, mukumbe ngalande kuzungulira. Chimbudzi n'chosachita kukuuzani.