Momwe mungagwiritsire ntchito "pick up" osaphonya

M'Chingerezi muli aneni ena amene akaphatikana ndi kamawu kakang'ono amabala tanthauzo latsopano. Aphunzitsi amawatchula kuti phrasal verb, ndipo amene akukonzekera mayeso a MSCE amawadziwa kuvuta kwake. "Pick up" ndi mmodzi mwa aneni otere.

Choyamba, musataye "up". Ambiri timagwera pamenepa. Pa WhatsApp mumalandira uthenga wakuti "Pick me at Wenela", munthu akufuna kuti mukamutenge pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Komatu "pick" akaima yekha ndi kusankha, kapena kuthyola chipatso mumtengo. Ife tokhatokha timamvana, inde, koma wochonga mayeso sangakumvereni chisoni. Lembani kuti "Pick me up at Wenela."

Chachiwiri, yang'anani chimene chikunenedwa, pakuti ndicho chimaulula tanthauzo. Chikakhala chinthu chogwa pansi, ndi kutola: "Pick up those papers." Ikakhala foni, ndi kuyankha, "She didn't pick up" ndiye kuti inangolira mpaka kuduka. Chikakhala chilankhulo, ndi kuchidziwa mongomvera eni ake, osalowa m'kalasi. Mnyamata amene anapita kukasaka maganyu ku Johannesburg n'kubwerako akulankhula Chizulu, za iye amati "he picked up Zulu". Nanga mukamva kuti "the police picked him up"? Musaganize kuti am'patsa lifiti. Amunjata ameneyo, mwina lero agona m'chitokosi.

Nthawi zina mneniyu amangoima popanda chomutsatira. Mayi wogulitsa kaunjika akati "business is picking up", akunena kuti malonda ayamba kuyendako, monga zimakhalira alimi akalandira ndalama za fodya.

Chachitatu, samalani poika mawu. Dzina likhoza kubwera pakati kapena kumapeto, choncho "pick the child up" ndi "pick up the child" zonse n'zolondola. Koma "me", "him", "her", "it", "us" ndi "them" malo awo ndi pakati basi. Nenani "pick it up", osati "pick up it".

Za nthawi yapita n'zosavuta: "ed" amamatidwa pa "pick", kukhala "picked up". Galimoto ija ya bodi kumbuyo, yonyamula matumba a chimanga, ndi dzina osati mneni, ndipo imalembedwa mophatikiza kuti "pickup".