Kudya steak ya halal ku Mangochi: funsani musanaitanitse

Ng'ombe yathu yamakolo, ya linunda ija, imakula ikuyenda mitunda kufuna msipu ndi madzi. Nyama yake imakoma, koma mafuta m'kati mwa mnofu ndi ochepa, ndipo ikapsetsa imauma ngati chikumba. Ambiri amene amatuluka mu lesitilanti akung'ung'udza kuti steak, mnofu wa ng'ombe wowotcha, inali yolimba amakhala kuti analakwitsa poitanitsa.

Yambani ndi za halal, kutanthauza zololedwa m'Chisilamu. Chikwangwani chapakhomo si umboni. Dipatimenti ya Halaal ya bungwe la Muslim Association of Malawi imapereka satifiketi kwa ogulitsa nyama ndi zakudya, ndipo malo oona mtima amaipachika poonekera. Onani dzina la malowo ndi tsiku lomwe ikutha ntchito. Malo ang'onoang'ono opanda pepalali, funsani butchala yomwe amagulako ndi amene amazinga. Kuno mafunso otere sadabwitsa munthu. Ng'ombe iyenera kukhala yamoyo pozingidwa, wozinga atchule dzina la Allah, adule kholingo, mmero ndi mitsempha ya magazi ndi mpeni wakuthwa, magazi akhe. Chidindo cha alangizi a ziweto pa nyama ndi nkhani ina: chimatsimikiza kuti nyamayo inayezedwa matenda, osati kuti inazingidwa mwa Chisilamu.

Nyama yozingidwa bwino itha kudetsedwa m'khitchini. Msuzi wina wothira pa steak amauphika ndi vinyo wofiira kapena brandy, ndipo ena amanyika nyama m'mowa kuti ifewe. Kumalo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, komwe amaphikanso soseji ndi bacon ya nkhumba, funsani ngati chiwaya, mpeni ndi thabwa lodulirapo n'zosiyana.

Tsopano chiwalo. Fillet, mnofu wa kunsi kwa msana, sugwira ntchito kwambiri ng'ombe ikamayenda, choncho ndi wofewa ngakhale ng'ombeyo ikhale yokalamba. Ngati malowo simukuwadziwa, tengani umenewu, ngakhale mtengo wake ndi wokwera komanso kukoma kwake n'kozizirako. Sirloin, mnofu wa pamwamba pa msana, ili ndi mzere wa mafuta m'mphepete umene umaiteteza pamoto. Rump, mnofu wa kumatako, ndiyo yokoma kwambiri koma imafuna mano, ndipo ikachokera ku ng'ombe yomwe inakoka ngolo zaka zambiri, nsagwada zimatopa. T-bone, ya fupa looneka ngati T, imanyenga: mwa magalamu 400 olembedwa pa menyu, gawo labwino ndithu ndi fupa. Linunda likakhalapo musalisiye, koma silowotcha mwachangu. Limafuna moto wochepa maola atatu kapena anayi, ndiye muimbiretu foni masana.

Munthu mmodzi amakhuta ndi magalamu 250 mpaka 300 a mnofu wopanda fupa. Chofunika kuposa sikelo ndi kuchindikala. Uzani woperekera zakudya kuti: "Achimwene, muwauze akukhitchini aidule yochindikala zala ziwiri." Amenewo ndi masentimita atatu kapena kupitirira pang'ono. Nyama yopyapyala imapsa mpaka m'kati kunja kusanachite bulauni, ndipo madzi onse amathera pamakala.

Funsaninso tsiku lomwe ng'ombeyo inazingidwa. Pa nyama yamphika timakonda ya lero lomwe, koma steak ya lero ndiyo yolimbitsitsa, chifukwa minofu imakungika ng'ombe ikangofa. Imayamba kufewa ikagona mufiriji yozizira madigiri 0 mpaka 4 kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Apa Mangochi ili ndi vuto lake. Ndi kutentha kwa Okutobala, magetsi akazima maola angapo pamalo opanda jenereta kapena sola, nyama yosungidwa mu ayezi imasungunuka n'kugwiranso ayezi. Yotereyi imatuluka madzi ambiri m'mbale ndipo imamveka ngati thonje m'kamwa. Ikamamveka kafungo kowawasa, ibwezeni, tsabola asakunamizeni.

Nyengo nayo imaoneka pa nyama. Kuyambira Epulo mpaka Juni ng'ombe zimakhala zitanenepa ndi msipu wa dzinja. Pofika Okutobala ndi Novembala udzu wauma, zambiri zaonda, ndiye funsani ngati ali ndi yodyetsera m'khola, yomwe imapatsidwa madeya ndi masangwi a mtedza. Mafuta achikasu asakuopseni, ndi chizindikiro cha ng'ombe yodya udzu.

Pa kapsedwe ndi pamene pamavuta. Ambiri amaitanitsa well done, yopsa mpaka pakati, poopa kudya magazi, omwe ndi haramu, oletsedwa m'Chisilamu. Koma madzi ofiira otuluka mu steak si magazi okha pozinga aja. Ndi madzi a mnofu osakanikirana ndi myoglobin, chinthu chopatsa nyama mtundu wake wofiira. Amene mtima ukukayikabe afunse shehe wake, palibe chokakamiza. Kwa ng'ombe yamakolo, medium ndiye pabwino: pakati pofiirira pang'ono, potentha madigiri 60 mpaka 63, zomwe pa makala oyaka bwino zimatenga mphindi zinayi kapena zisanu mbali iliyonse. Kupitirira madigiri 70 minofu imafinya madzi onse. Ngati simungadye nyama yofiirira n'komwe, tengani fillet kapena sirloin ndi msuzi pambali, rump isiyeni. Amayi oyembekezera, ana aang'ono ndi odwala adye yopsa bwinobwino, ndipo nyama yogaya ya mu burger iyenera kupsa mpaka pakati kwa aliyense, popeza pogaya majeremusi a kunja amalowa m'kati.

Mbale ikafika musathamangire mpeni. Steak ipume mphindi zisanu ichokereni pamoto, apo ayi madzi ake amayenderera mpaka kunyowetsa chipisi. Dulani pakati penipeni kuti muone kapsedwe musanadye mbali ina iliyonse. Yosapsa imabwerera pamoto, yopsetsa ilibe mankhwala. Yang'anani komwe mizere ya mnofu yaloza ndipo muzidula mopingasa, tizidutswa topyapyala. Pa rump, zimenezi zokha zimasintha zonse. Lawani kaye ndi mchere wokha musanathire kambuzi kapena Nali. Kachumbari, saladi ya tomato ndi anyezi, amadula mafuta m'kamwa, ndipo ngati mwasankha nsima, pemphani msuzi wapadera chifukwa steak payokha siyendetsa mbamu. Mowa pamalo a Asilamu palibe, ndipo kubwera ndi wanu n'kunyoza eni ake. Madzi a malambe ozizira amayenda bwino ndi nyama yowotcha.

Nthawi yopitira muiganizire. Lachisanu masana malo ambiri a Asilamu amatseka kapena kutsala ndi munthu mmodzi mpaka swala ya Juma ithe. M'mwezi wa Ramadan ena satsegula usana wonse, ndipo dzuwa likangolowa, cha m'ma 6 koloko, khitchini imapanikizika ndi ofuna kumasula. Fikani patadutsa ola limodzi, wowotcha atapumako ndipo makala atasiya malawi. Musanakhale pansi funsani ngati amalandira Airtel Money kapena Mpamba, komanso ngati mtengo wa pa menyu ukuphatikiza chipisi ndi saladi.