Mmene mungachezere ndi ambuya za masiku omaliza a Kamuzu

Ife a kuno ku Chipata tili ndi mwayi umene anzathu a ku Lusaka alibe. Mchinji ili pafupi pompa, kungodutsa pa Mwami boda basi wafika, ndipo mabanja ambiri ali ndi munthu amene anabadwira uko, anakwatiwa uko olo anachita kuthawako usiku. Ndiye nkhani ya mmene Kamuzu Banda, pulezidenti woyamba wa Malawi, anagwera simuchita kuyisaka patali, ili pakhonde pa ambuya anu. Chovuta ndi kafunsidwe. Ine ulendo woyamba ndinangofika ndi foni m'manja nkuti ambuya, Kamuzu anali wabwino kapena woipa? Anayang'ana kumsewu kaye, kenako nkundifunsa ngati ng'ombe zamwa madzi, nkhani inathera pomwepo. Zaka zoposa 30 zapita koma thupi lawo likukumbukirabe kuti dzina lija sulitchula chisawawa.

Ndiye funso limenelo lisiyeni. Pitani madzulo ntchito zitatha, mutenge kashuga ndi sopo monga mwa mwambo, khalani pansi osati kuima ngati wa kalembera, ndipo foni muyitulutse mutapempha. Akakana kujambulidwa mawu musakakamize, mverani chabe mukalembe kunyumba.

Yambani ndi kadi. Afunseni kuti ambuya, kadi ya chipani munkagula kuti, nanga amene analibe ankatani pamsika? Apa pakamwa pamatseguka pokha chifukwa aliyense amene anakhalako uko ali ndi nkhani ya kadi ya MCP, chipani cha Kamuzu, ma yufi ndi a Payoniya (achinyamata a chipanicho) ataima pageti ya msika olo pokwerera basi, wopanda kadi salowa. Kamuzu anapanga dziko kukhala la chipani chimodzi mu 1966, mu 1971 nkukhala Pulezidenti wa Muyaya, ndiye kadiyo inali ngati msonkho wa moyo. Ngati kwanu kuli a Mboni za Yehova apa ndiye khalani nthawi, iwo ankakana kugula kadi, anamenyedwa, nyumba kutenthedwa, ndipo mu 1972 anthu masauzande anathawira kuno nkuwaika ku kampu ya Sinda Misale komwe ambiri anamwalira ndi matenda asanawabweze. Kwa amayi funsani za chitenje cha nkhope ya Ngwazi ndi kuvina kwa mbumba, koma osaseka akayamba kuimba. Ena ankavina ndi mtima wonse, ena ankavina chifukwa lole yabwera ndipo dzina lako lili pa pepala, nthawi zina ndi munthu mmodzi yemweyo.

Musanapite muloweze zaka zingapo, osati zokawaphunzitsa ayi, koma akulu sawerenga ndi manambala, amati chaka cha chilala chija, chaka cha chimanga cha yelo. Inu mumtima muzidziwa kuti ameneyo ndi 1992, ndipo ndi chaka chomwe zinthu zinayamba kusweka.

Zisanafike pamenepo pali nkhani ziwiri zimene ankazinong'ona. Ya pafupi ndi ife ndi ya Orton Chirwa, nduna yakale imene inadzatsutsana ndi Kamuzu, ndi mkazi wake Vera, anagwidwa pa 24 December 1981, boma la Malawi linkati anawagwira atalowa m'dziko koma eni ake ananena kuti anachita kubedwa mbali ya kuno kwathu. Orton anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992, Vera anatuluka mu January 1993. Ina ndi ya May 1983, nduna zitatu Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala pamodzi ndi phungu David Chiwanga anaphedwa, wailesi nkunena kuti ndi ngozi ya galimoto ku Mwanza. Musafunse kuti anawapha ndani. Funsani kuti munamva bwanji, anakuuzani ndani, munali kuti. Mudzaona kuti anthu ankadziwa zambiri kuposa zimene MBC inkanena, kungoti aliyense ankadziwa yekhayekha.

Manje mufike pa kalata. Pa 8 March 1992 m'matchalitchi a Katolika m'Malawi monse anawerenga kalata ya maepiskopi yodzudzula umphawi, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Ngati ambuya anu ndi a Katolika ndipo anali uko tsiku limenelo, zimitsani chilichonse mumvetsere, afunseni kuti m'tchalitchi munali bwanji, anthu anatuluka akulankhula kapena ali duu. Kwa ine apa ndiye pamene ulamuliro uja unathyoka msana, chifukwa zimene munthu ankaopa kuuza mkazi wake zinanenedwa paguwa aliyense akumva, ndipo aliyense anaona kuti mnzake wamvanso. Boma linati kalatayo ndi youkira, maepiskopi anafunsidwa ndi apolisi, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko, koma mawu anali atatuluka kale.

Zotsatira zinabwera mothamanga. Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a antchito, atachita msonkhano ndi othawa kwawo ku Lusaka anabwerera nkumangidwa pa eyapoti ya Lilongwe pa 6 April. Mu May antchito a fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala, sitalaka nkufalikira tauni yonse mpaka Lilongwe, mashopu kuthyoledwa, apolisi kuwombera, anthu makumi angapo anafa. Mwezi womwewo maiko opereka thandizo atakumana ku Paris anaimitsa ndalama kupatula za chakudya ndi zina zopulumutsa moyo. Nkhondo ya azungu ndi ma Soviet inali itatha, mkulu uja sankafunikanso ngati kale.

Funso limene limakoma kwambiri ndi la nyali. Pa 14 June 1993 kunali riferendamu, tambala wakuda kuimira chipani chimodzi, nyali kuimira matipate, ndiye kuti zipani zambiri, ndipo nyali inawina ndi mavoti opitirira 60 pa 100 alionse. Koma samalani apa, chigawo chapakati chimene tagundana nacho ambiri anavotera tambala, ndiye musadabwe ambuya akakuuzani monyadira kuti ine ndinaponya tambala. Musawatsutse. Ndipo ife tisamadzione ochenjera, pa 31 October 1991 dziko lonse litapita ndi Chiluba, kuno kum'mawa mipando yonse 19 tinapatsa UNIP. Kunena zoona kutchula zimenezi kumathandiza, ambuya anga anaseka koyamba nditawakumbutsa, nkuyamba kuyerekeza okha KK ndi Kamuzu, za mtengo wa unga ndi zipolowe za June 1990, ine chete foni ikujambula.

Kumapeto kwake sikuchedwa kufotokoza. October 1993 Kamuzu anakachitidwa opaleshoni ya m'mutu ku Johannesburg, December asilikali analanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani pambuyo poti a Payoniya awombera asilikali ku Mzuzu, ambiri anathawira ku Mozambique. Funsani ngati anaonako mnyamata wa m'mudzi akubisa yunifomu. Pa 17 May 1994 Bakili Muluzi wa UDF anawina, Kamuzu anavomera pa wailesi. Mu 1995 Kamuzu anazengedwa mlandu wa Mwanza uja pamodzi ndi dzanja lake lamanja John Tembo, khoti linawapeza osalakwa, ndipo anamwalira pa 25 November 1997 ku Johannesburg komweko.

Akayamba kutchula maina a anthu a m'mudzi amene ankaneneza anzawo, imitsani rekoda, ana awo tikukhala nawo ndipo ena tinakwatirana. Akati nthawi ya Kamuzu kunalibe akuba, feteleza analipo pa ADMARC, ana ankamvera, zilembeni mmene anenera, imeneyonso ndi mbali ya nkhaniyo. Ndipo musathere tsiku limodzi, za ulendo woyamba zimakhala za pamwamba, zenizeni zimabwera mukabwerera kachitatu atayamba okha kuti paja tinalekezera pati.

Mukafika kunyumba fayilo muyipatse dzina ndi deti, muyitumize kwa msuweni pa WhatsApp kuti foni ikagwera m'madzi isapite nazo. Ngati kwanu kulibe amene anakhalako uko, dikirani Kulamba mu August ku Mkaika, a ku Malawi amabwera ndi mabasi odzaza, mugule thobwa mukhale pafupi ndi agogo amene atopa ndi kuimirira, muyambe ndi kadi ija.